Paipi ya gasi yabowoka ndi piki: kodi kumanga ndi mphira kukwanira?

Funso: "Ndimayang'anira khitchini pamalo ogona alendo kuno ku Lilongwe, cha ku Area 47. Tili ndi thanki ya gasi kuseri kwa nyumba, ndipo gasiyo amafika kukhitchini kudzera m'paipi yachikasu ya pulasitiki yokwiriridwa pansi, yotalika mamita pafupifupi 40. Lachiwiri anyamata aganyu akukumba ngalande ya paipi ya madzi anaibowola ndi piki. Panamveka kulira kwa mpweya ndi fungo, mlonda n'kuthamanga kukatseka pathanki. Pulambala wathu wamanga pobowokapo ndi mphira ya chubu ndi waya, ndipo akuti akagula guluu wa PVC ndi soketi ya paipi ya madzi kuti amalize ntchito. Fungo silikumvekanso. Abwana akufuna titsegule gasi chifukwa Loweruka tili ndi phwando la ukwati. Titsegule? Ngati ayi, kakonzedwe kake n'kotani?" — Mayi a ku Area 47

Mayi, mtima ukhale m'malo. Mlonda wanu anachita chinthu chofunika kuposa zonse pothamangira kukatseka pathanki, ndipo ngozi yanuyi si yachilendo: mapaipi a gasi okwiriridwa pansi amavulazidwa kwambiri ndi anthu okumba, osati kukalamba. Ikakonzedwa mwadongosolo, paipi imeneyi imabwerera mwakale n'kugwira ntchito zaka zambirimbiri, ndipo ntchito yake singathe tsiku lathunthu ngati zipangizo zilipo. Koma pafunso loti mutsegule kapena ayi, yankho ndi ayi. Vavu ya pathanki ikhale yotseka, muimangirire ndi loko, makiyi musunge nokha. Paipi ya gasi ya pulasitiki saiika chigamba. Malo ovulalawo amadulidwa n'kutayidwa, kenako amalowetsapo chidutswa chatsopano chowotcherera.

Paipi yanu yachikasuyo ndi ya polyethylene, mwachidule PE. M'mbali mwake muli zolembedwa: mawu oti GAS, kenako PE80 kapena PE100, kukula kwake, nambala monga SDR 11, ndi muyezo umene inapangidwira, kawirikawiri ISO 4437 kapena EN 1555. Zina zimakhala zamtundu wa lalanje, zina zakuda za mizere yachikasu. Wodzakonza adzafuna zolembedwa zimenezi kuti abweretse chidutswa ndi masoketi ogwirizana nazo. SDR 11 ikutanthauza kuti khoma la paipi ndi gawo limodzi mwa magawo 11 a kukula kwake, choncho paipi ya mamilimita 32 khoma lake ndi mamilimita 3, ya mamilimita 63 khoma lake ndi 5.8. Pamtunda ndi ntchito imene mwafotokoza, yanu iyenera kukhala ya 32 kapena pafupi pamenepo.

Pulambala wanu musamukalipire, akuchita zimene zimagwira pa madzi. Vuto n'lakuti palibe chimodzi mwa zitatuzo chimene chimagwira pa gasi. Guluu wa PVC amamata posungunula pamwamba pa PVC kuti zidutswa ziwiri zilowerane. PE sasungunuka ndi guluu ameneyu. Guluuyo amangouma pamwamba, ndipo mukhoza kumumatula ndi chikhadabo. Mphira ya chubu imafufuma n'kufewa ikakhala nthawi ikukhudzana ndi gasi wophikira, ndipo waya woimangira uja amadinda mzere watsopano m'khoma la paipi. Soketi yomanga ya mapaipi a madzi nayo ili ndi mphira ya m'kati imene sinapangidwire gasi, komanso ilibe kachitsulo kolowa m'kati mwa paipi kuti isaphwafuke poimanga. Zonsezi zikhoza kuoneka ngati zagwira Loweruka, n'kudzayamba kutaya gasi pansi pa dothi patapita miyezi iwiri, nthawi imene aliyense waiwala kuti pamenepo panakumbidwa.

Kusamveka kwa fungo kusakunamizeni. Choyamba, gasi ndi wotseka, ndiye palibe chomukankha kuti atuluke. Chachiwiri, gasi wophikira payekha alibe fungo lenileni. Fungo limene timamva ndi mankhwala otchedwa mercaptan amene amathiramo dala, ndipo gasi akamadutsa m'dothi, makamaka lonyowa, dothilo limatha kuyamwa fungolo, gasi n'kutulukira kwina ali wosanunkha. Mphuno nayonso imazolowera munthu akakhalitsa pamalo.

Pali china choti muchimvetse bwino, chifukwa malangizo ambiri amene mungawerenge pa intaneti analembedwera gasi wina. Kumizinda ngati Johannesburg, kumene gasi amayenda m'mapaipi a m'misewu, ndi gasi wachilengedwe, methane, amene ndi wopepuka kuposa mpweya, moti akatuluka amakwera m'mwamba n'kumwazika. Lilongwe ilibe mapaipi otero. Wathu wa m'masilinda ndi m'mathanki ndi LPG, wosakaniza propane ndi butane, ndipo amalemera kuposa mpweya kamodzi ndi theka mpaka kawiri. Akatuluka amatsikira pansi: m'ngalande imene anyamata akumba, m'mabowo a zimbudzi zamadzi, m'mipope yotayira madzi a kukhitchini, pansi pa sitepe. Amayaka akangofika magawo awiri pa 100 alionse a mpweya, mpaka cha m'ma 10. Paipi ya mamilimita 32 yotalika mamita 40 imasunga malita pafupifupi 21 a gasi ngakhale pulesha itatheratu, ndipo malita 21 amenewo akasakanikirana ndi mpweya akhoza kupanga malita oposa 1,000 a mpweya woyaka. Choncho kutseka pathanki sikutanthauza kuti paipi ilibe kanthu.

Pakadali pano, tchingani malowo ndi chingwe. Wina asalowe m'ngalandemo, asasutirepo fodya, asayandikizepo mbaula, asalizirepo galimoto kapena jenereta pafupi, ndipo zinyalala zisawotchedwe mbali imeneyo. Mavavu a kukhitchini atsekedwenso. Fungo likabwerera mwamphamvu, kapena mukalimva m'nyumba, tulutsani anthu apite kumtunda komanso mbali imene mphepo ikuchokera, musayatse kapena kuzimitsa siwichi ya magetsi, tsegulani zitseko ndi mawindo, ndipo muimbire ozimitsa moto a khonsolo ya mzinda wa Lilongwe muli patali. Lero lomwe imbirani kampani imene imakudzazirani thanki. Nthawi zambiri thanki ndi regyuleta yoyamba, chida chochepetsera pulesha ya gasi, zimakhala zawo, ndipo ndi iwo amene ali ndi amisiri a mapaipi a gasi kapena amadziwa kumene ali. Malonda a gasi m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la MERA, ndiye ndi bwino kugwira ntchito ndi kampani imene ili ndi chiphaso chawo, ndipo mmisiriyo aonetse umboni woti anaphunzira kuwotcherera PE. Kudziwa kuwotcherera zitsulo kapena kulumikiza mapaipi a madzi si umboni umenewo.

Mmisiri wodziwa ntchito sayamba ndi kudula. Amayamba wapima m'ngalandemo ndi makina opimira gasi, ndipo amapima pansi penipeni, osati m'chiuno. Kenako amachotsa gasi wotsala m'paipi pomukankha ndi naitirojeni, mpweya wosayaka, kumutulutsira pamalo apoyera kutali ndi nyumba ndi maenje, mpaka makina aonetse kuti mulibe. Chozimitsira moto cha ufa chikhale pafupi, ndipo munthu wachiwiri aime pamwamba kumuyang'anira. Palinso mdani wosaoneka: pulasitiki imasunga magetsi. Ana asukulu akakhutiza cholembera m'tsitsi chimanyamula timapepala. Gasi wothamanga pabowo, atanyamula fumbi, amachita zomwezo kupaipi, ndipo chitsulo kapena dzanja likayandikira pamathetheka kamoto kokwanira kuyatsa gasi. N'chifukwa chake asanakhudze paipi ndi chida chilichonse amaikulunga ndi nsalu ya thonje yonyowetsedwa ndi madzi a sopo, nsaluyo n'kukhudza dothi lonyowa, ndipo zida zodulira amazilumikiza ndi waya kuchitsulo chokhomedwa pansi. Nyengo ya fumbi ya Seputembala ndi Okutobala ndiyo yoipitsitsa pa zimenezi, ndipo nsaluyo imauma msanga, imafunika kumainyowetsabe.

Tsopano kufufuza kukula kwa bala. Apa ndi pamene ntchito zambiri zimalakwika, chifukwa maso onse amakhala pabowo. Piki imene yabowola kamodzi kawirikawiri inali itagunda kale kangapo, ndipo fosholo inali itapala. Paipi ifukulidwe ndi manja mita imodzi kapena iwiri mbali zonse, itsukidwe, iyang'anidwe kuzungulira, pansi pomwe. Lamulo la ntchitoyi n'lakuti chipsera chilichonse chozama kuposa gawo limodzi mwa magawo 10 a khoma chimadulidwa. Pakhoma la mamilimita 3, malirewo ndi mamilimita 0.3 okha, pafupifupi mapepala atatu olembera ataphatikizidwa. Zimaoneka ngati kukokomeza, koma PE ili ndi khalidwe lake: pamene pali mzere wodindika, mng'alu umayambira pamenepo n'kumayenda pang'onopang'ono m'kati mwa khoma chifukwa cha pulesha ndi kulemera kwa dothi, mpaka udzatulukire patapita miyezi kapena zaka. Malo amene paipi inapindika n'kuyera, kapena amene yaphwafuka, nawonso amadulidwa ngakhale sakutaya gasi.

Afunseninso anyamatawo, mofatsa kuti anene zoona, ngati anaikoka paipiyo poganiza kuti ndi muzu. Paipi ikakokedwa, mphamvu imakathera kumalumikizidwe akutali: kumene PE imakumana ndi paipi yachitsulo yokwera kuthanki, ndi kumene imakumana ndi yokwera pakhoma la khitchini. Mbali ya kukhitchini ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa gasi wotayikira pamenepo amatsata m'mbali mwa paipi n'kulowa pansi pa nyumba. Ngati inakokedwa, malo onse awiri afukulidwe.

Kakonzedwe koyenera paipi yaing'ono ngati yanu ndi kotchedwa electrofusion. Soketi yake ndi ya PE, ndipo m'kati mwake muli waya wopyapyala wozungulira. Makina amapereka magetsi ochepa, kawirikawiri mavoti 39.5, wayayo n'kutentha, n'kusungunula m'kati mwa soketi ndi pamwamba pa paipi mpaka ziwirizo zikhale chinthu chimodzi. Zofunika ndi chidutswa cha paipi ya gasi yofanana kukula ndi SDR, masoketi awiri osatsegulidwa m'mapepala awo, chodulira paipi, chopalira, mankhwala opukutira a isopropyl, nsalu yosasiya ulusi, cholembera, kilampu yogwira paipi, ndi makinawo. Pali njira inanso, butt fusion, yotenthetsa nsonga ziwiri pachitsulo cha madigiri oposa 200 n'kuzikanikiza pamodzi, koma ndi ya mapaipi akuluakulu, ndipo m'ngalande imavuta chifukwa imafuna mbali imodzi ya paipi izitha kusuntha.

Mmisiri amadula malo ovulala n'kupitirira mpaka pamene paipi ili yosalala, ndipo ndi bwino kudula masentimita 30 owonjezera mbali iliyonse kusiyana ndi kuumira paipi. Kudula kukhale kowongoka. Nsonga yodulidwa mopendama imasiya mbali ina ya waya wa m'soketi ilibe paipi pansi pake, wayayo amapsa, pulasitiki yosungunuka n'kugwera m'kati. Chidutswa chatsopano chiyezedwe kuti chilowe bwino popanda mpata waukulu, koma chisadulidwe chikadali chotentha ndi dzuwa. PE imatalika pafupifupi mamilimita 0.2 pa mita iliyonse kutentha kukakwera digiri imodzi. Pachidutswa cha mita imodzi ndi mamilimita ochepa, koma paipi ya mamita 30 imene yatentha padzuwa n'kudzazizira ndi madigiri 25 pansi pa dothi imafupika masentimita 15, ndipo mphamvu imeneyo imakoka malumikizidwe. Ngati ngalande yaitali yatseguka, ntchito ichitike m'mawa kapena paipi itchingidwe.

Kupala ndiye mtima wa ntchito yonse. Pamwamba pa PE pamakhala kakhungu kosinthika chifukwa cha mpweya ndi dzuwa, ndipo kakhunguko sikalowerana ndi pulasitiki ya soketi ngakhale katenthe bwanji. Kayenera kuchotsedwa ndi chopalira chenicheni, mamilimita pafupifupi 0.2, kuzungulira paipi yonse, kupitirira pang'ono pamene soketi idzalekezere. Amisiri abwino amayamba alemba mizere ndi cholembera pamalo onsewo, n'kupala mpaka mizere yonse itachoka, kuti pasatsale malo odumphidwa. Mukaona wina akutulutsa sandipepala, muimitseni. Sandipepala sachotsa kakhunguko, amangokapaka, n'kusiyanso mchenga wake m'pulasitiki. Akatha kupala amapukuta ndi isopropyl n'kudikira kuti paume, ndipo kuchokera pamenepo palibe chala chokhudzapo, chifukwa thukuta ndi mafuta a m'manja n'zokwanira kulepheretsa malumikizidwe. Sipiriti wamtundu wogulitsidwa m'mashopu, petulo kapena thina wa penti sizilowa m'malo mwa isopropyl. Madzi nawo ndi mdani: kadontho kamodzi kamasanduka nthunzi n'kusiya timabowo m'kati. Nyengo ya mvula ngalande ikapidwe madzi, pamwamba patchingidwe ndi tenti.

Popeza nsonga ziwiri za paipi yakale sizisuntha, masoketi amawachotsa kotsekereza ka pakati kuti alowe athunthu pachidutswa chatsopano, chidutswacho n'kuikidwa pampata, masoketi n'kubwezedwa kuti aliyense akhale theka uku theka uku. Apa mizere yoyezera ndi yofunika, chifukwa diso silingaone kuti nsonga zili pati m'kati. Kenako kilampu imagwira paipi kuti ikhale yowongoka komanso isagwedezeke. Makina amawerenga nambala za pasoketi n'kudziwa okha nthawi yotenthetsera, imene pamasoketi ang'onoang'ono kawirikawiri siposa mphindi ziwiri. Timapini tiwiri ta pasoketi timatukuka kusonyeza kuti pulasitiki yasungunuka, koma timatukuka ngakhale paipi sinapalidwe, ndiye si umboni woti ntchito yatheka. Nthawi yozizira yalembedwa pasoketi, ndipo kilampu isachotsedwe isanakwane. Kuthira madzi kuti pazizire msanga kumawononga malumikizidwe.

Nkhani ya magetsi muiganiziretu. Akazima pakati pa kuwotcherera, njira yodalirika ndi kudula soketiyo n'kuyambiranso ndi yatsopano. Choncho pakhale jenereta yabwino, ya 3 kVA kapena kuposa, yodzaza mafuta, yosalumikizidwa ku mafiriji a khitchini, ndipo iimikidwe kutali ndi ngalande. Mmisiri abweretse masoketi anayi m'malo mwa awiri.

Pali nthawi imodzi imene kuwotcherera kumakanika. Ngati m'paipi munakhalapo gasi wosanduka madzi kwa nthawi, khoma limamuyamwa, ndipo potenthetsa pulasitiki imatuluka timathovu. Paipi ya PE ndi ya gasi wa nthunzi yekha, wodutsa kale pa regyuleta yoyamba, pa pulesha yosapitirira 2 bar (bar ndi muyezo wa pulesha), ndipo m'malo ambiri amaitchera pansi pa 1 bar. Pulesha ikakwera, butane amatha kubwerera kukhala madzi, makamaka m'mawa wozizira wa Juni ndi Julayi. Mmisiri akapeza madzi otero kapena timathovu, amagwiritsa ntchito masoketi omanga opangidwira gasi, okhala ndi kachitsulo ka m'kati ndi mano ogwira paipi kuti isasololoke, kapena amasintha paipi yonse, ndipo regyuleta iyenera kuunikidwa.

Wina akhoza kukuuzani za kufinya paipi kuti gasi aime. Njirayo ilipo, ndipo kumizinda ya mapaipi a m'misewu imathandiza pamene sangatsekere dera lonse. Imachitika ndi chida chake chokhala ndi zoletsa kuti khoma lisaphwanyike, pamtunda wosachepera masentimita 30 kapena kukula kwa paipi katatu kuchokera pamalumikizidwe alionse, kufinya pang'onopang'ono, kumasula pang'onopang'ono koposa, ndipo malo amodzi safinyidwa kawiri. Inu muli ndi vavu pathanki, ndiye simukuifuna. Kupinda paipi n'kuimanga, kapena kuipana ndi vayisi, ndi kupanga bala lachiwiri.

Malumikizidwe akazizira, paipi yonse, kuyambira kuthanki mpaka kukhitchini, iyesedwe isanakwiriridwe. Amachotsa kapena kutsekereza maregyuleta ndi masitovu, n'kupopera mpweya wamba kapena naitirojeni mpaka kamodzi ndi theka ka pulesha imene paipi imagwirira ntchito. Okosijeni wa owotcherera zitsulo asayandikire n'komwe. Poyamba geji yoyezera pulesha imatsika pang'ono chifukwa PE imatamuka komanso mpweya umazizira, ndiye amadikira ikhazikike, kenako n'kuyang'ana kwa ola limodzi kapena kuposa. Ikamatsikabe, penapake pakutaya, ndipo si nthawi zonse pamene pakonzedwa. Malumikizidwe amapakidwa madzi a sopo kuona ngati patuluka thovu, kenako sopoyo atsukidwe ndi madzi oyera, chifukwa sopo wokhalitsa pa PE amafulumizitsa ming'alu. Pobwezeretsa gasi, mpweya wa m'paipi utulutsidwire panja, osati pa sitovu m'khitchini. Inuyo muimepo pamene geji ikuwerengedwa, ndipo mupemphe pepala losonyeza pulesha, nthawi, ndi amene wayesa. A inshulansi akhoza kudzalifuna.

Pokwirira, pansi ndi pamwamba pa paipi pakhale mchenga wosefa kapena dothi lofewa masentimita 10, popanda miyala kapena zidutswa za njerwa. Paipi ikhale yakuya masentimita 45 mpaka 60, ndipo pamene pamadutsa magalimoto isachepere 60. Pamwamba pake, dothi lisanadzaze, payalidwe tepi yachikasu yochenjeza kuti wokumba adzakumane nayo piki isanafike papaipi. Ngati panali waya wotsata paipi, wothandiza makina kuipeza, ulumikizidwenso pamene unaduka. Paipi yatsopano ya madzi isagone pa ya gasi, pakhale mpata wa masentimita 30, ndipo jambulani ngalande isanakwiriridwe, muyeze kuchokera pakhoma, mapuwo akhale muofesi. Ngati pofukula mupeza kuti paipi inali yosaya paliponse, kapena kuti PE yatulukira pamtunda n'kulowa m'nyumba, ikonzedwe yonse: PE malo ake ndi pansi pa dothi basi, pamtunda ndi m'nyumba pamayenda chitsulo kapena kopa.

Za Loweruka, auzeni abwana kuti ukwati ungaphikidwe popanda paipi imeneyi. Ngati mmisiri kapena masoketi sizipezeka nthawi yake, kampani ya gasi ikubweretsereni masilinda akuluakulu. Aimikidwe chilili panja pa khitchini, pamthunzi, kutali ndi moto ndi maenje, omangiriridwa kuti asagwe. Mmisiri wawo ndiye awalumikize ndi regyuleta yoyenera masitovu anu, atatsekeratu ndi chotsekera chachitsulo mbali yopita kupaipi yobowoka, kuti gasi wa m'masilinda asabwerere m'mbuyo n'kukatulukira m'ngalande. Muwauze chiwerengero cha masitovu ndi maola amene mudzaphike, chifukwa silinda imodzi ikakokedwa kwambiri imazizira, imachita chisanu kunja, moto n'kufooka nsima ili pamoto. Masilinda awiri kapena atatu olumikizidwa pamodzi amathetsa vutoli.